Zimene Ankakamba Pakati pa Nyanja

Ine madzi ndimawaopa, ndipo sindichita nazo manyazi. Kwathu ndi ku Ntcheu, kumapiri, kumene mtsinje umene timautcha waukulu umauwoloka utangokwinyira chitenje m'mawondo. Ndiye amuna anga atawachotsa ntchito ku koleji ya ku Zomba n'kuwauza kuti azikakhala kwawo, cha ku Lungwena, ndinawatsatira ngati nkhuku yopita kumsika. Nyumba imene anatipatsa abale awo inali kufupi ndi doko, moti mwera ukauka mchenga unkatipeza mpaka m'mabulangete. Anthu ankati ndachita mwayi, ndizidya chambo chachiwisi tsiku ndi tsiku. Ine ndinkangoyang'ana chimadzi chija n'kutembenukira kumtunda.

Mlandu umene anachotsedwera ndinkaudziwa bwino, poti nanenso ndinkagwira ntchito konko. Ndinali wotayipa ku mbali yophunzitsa mbiri yakale. Manotsi awo, mafunso a mayeso, zonse zinkadutsa m'zala zangazi, ndipo ndi mmene tinadziwirana. Koma munthu wake kulongolola! Ankaima kumbuyo kwa mpando wanga n'kumanditchulira zoti nditayipe, kenako n'kudzitsutsa okha, kenako n'kutsutsanso kutsutsa kuja, chala chili m'mwamba ngati akuopseza denga. Ndinkawauza kuti, "Bwana, pepala si bolodi, silifufutika." Iwo n'kuseka mpaka misozi. Titakwatirana, kalasi inasamukira patebulo lathu lodyera. Ndiwo zinkazizira iwo ali pakati pa nkhondo za makedzana, ndipo akafika pena ankaima n'kundifunsa kuti, "Mayi, inu mukuona bwanji?" Ine wa Fomu 2, kufunsidwa maganizo ndi mphunzitsi wa pakoleji! Ndinkangoti, "N'zoona, bambo," koma mtima unkakhala uli myaa. Akazi ena amanyadira galimoto la amuna awo. Ine ndinkanyadira pakamwa pa amuna anga.

Ana a masiku ano sangamvetse mmene koleji inalili nthawi ya chipani chimodzi. Mafunso a mayeso ndikatayipa ankayamba apita kwa akuluakulu, n'kubwerera ena atadulidwa ndi inki yofiira. Ku laibulale mabuku ena anali okiyiridwa m'kabati, ena unkati ukuwerenga bwinobwino n'kupeza masamba apakati anachekedwa ndi lezala. M'kalasi iliyonse munali wophunzira mmodzi amene ankalemba kuposa anzake koma osafunsa funso, ndipo aliyense ankadziwa kumene zolembazo zinkapita. Ndiye panali maina amene sankatchulidwa, a anthu amene anamenyera nawo ufulu wa dziko lino koma pambuyo pake n'kusemphana ndi mwini chipani. Aphunzitsi ankawalambalala mainawo monga timalambalalira dzenje panjira.

Tsiku lina mnyamata wina m'kalasi anafunsa kuti, "Kodi ufulu wathuwu anaumenyera munthu mmodzi?" Wina aliyense akadayang'ana wotchi n'kunena kuti nthawi yatha. Amuna anga anati, "Ayi," n'kuyamba kutchula maina, limodzi mwa iwo la munthu wa kwawo kunyanja komwe. Akale anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Sabata isanathe amuna anga anaupezadi, galimoto la boma litaima pakhomo pathu kudzawatenga.

Anakhala m'ndende miyezi. Atabwerako, malaya awo ankaoneka ngati obwereka. Anawauza kuti asadzaimenso kutsogolo kwa kalasi, ngakhale ya ana a Sitandade 1, ndipo asatuluke m'boma la Mangochi osauza apolisi. Koma chimene chinandisautsa ine si ntchito, si nyumba ya ku Zomba. Anabwerako alibe mawu. "Zikomo." "Chabwino." "Madzi alipo?" Basi. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumasoka maukonde a achimwene awo, ndipo ndikayamba nkhani ankangokweza wailesi. Ndinati m'mtima, anthu aja anawamenya mpaka kuthyola lilime. Sindinawakwiyire. Ndinkawaphikira phala la mpunga, kuwathira mafuta m'mabala a kumsana, kudikira tsiku limene adzandifunsenso kuti ndikuona bwanji. Ndinadikira mpaka mvula inagwa n'kuleka.

Kenako kunabwera wamagalasi.

Ndinkamudziwa. Anali wophunzira wawo kale, kamtsikana kowonda, kanzeru, ndipo atachotsedwa iwo, makalasi awo anapatsidwa iyeyu. Anafika Loweruka lina la kumapeto kwa mwezi, atakwera basi mpaka ku boma, kenako lole ya nsomba, fumbi lili mbuu m'tsitsi. Anati wabwera kudzaona aphunzitsi ake ndi kugulako usipa. Anandipatsa moni atagwada, n'kunditulira shuga ndi sopo. Ndinamulandira ndi manja awiri, Mulungu ndi mboni. Ndinamuphera nkhuku.

M'mawa mwake, nyanja ili phee, amuna anga anatenga nkhafi imene inkakhala patsindwi n'kumuuza mlendoyo kuti, "Tiyeni ndikakuonetseni nyanja yathu." Ndiye anandicheukira ine. "Mayi, inu paja madzi mumawaopa." Silinali funso.

Ndinawaperekeza mpaka pamatandala, pamene amayi amayanika usipa. Bwato la achimwene awo linapita, linapita, mpaka pamene ngakhale munthu atakuwa sungamumve, n'kuima. Ndinaona amuna anga akuika nkhafi pansi. Kenako ndinaona chimene sindidzaiwala mpaka m'manda. Chala chija chinakwera m'mwamba. Manja anayamba kuuluka, uku ndi uku, mutu kugwedezeka, kenako kudzimenya pantchafu n'kugwa chagada ndi kuseka. Mawu sankafika kumtunda, koma ine ndinkawadziwa manja amenewo, ndinakhala nawo patebulo zaka zonsezo. Lilime limene ndinkalilira kuti linathyoka linali lamoyo, lonona bwino. Kungoti silinali langanso. Ndinamva nsanje yowawa ngati ndulu ya nsomba.

Atakocheza, anatsika m'bwato nkhope ili duu ngati kale. "Madzi osamba alipo?" Ndinatsala pang'ono kuwauza kuti abwerere kumene achokerako, kuli madzi ambiri.

Kuyambira pamenepo wamagalasi ankabwera mwezi ukamatha uliwonse, ndipo mwezi uliwonse bwato linkapita. Doko lonse linayamba kudya nkhaniyo. Kumeneko mwamuna sapita panyanja chimanjamanja, ndiponso mkazi sakwera bwato la asodzi popanda chifukwa. Ndiye amayi a pamatandala akandiona ndaima dzanja lili pamphumi, ankayamba.

"Alibe ukonde, alibe mbedza, koma akuwedza kuposa amuna athu!"

"Iyayi, asiyeni, nyambo yake ndi Chingerezi."

Alamu anga, mchemwali wamkulu wa amuna anga, anakwatiwa ku banja la Chisilamu ndipo ankagulitsa nsomba zouma mpaka ku Chiponde. Mayi wokonda nthabwala, wopanda chifukwa ndi munthu, koma pakamwa pake panalibe chotsekera. Anandigwira paphewa tsiku lina n'kunena kuti, "Mlamu, mukuwondera chiyani? Kwathu kuno mkazi wachiwiri si maliro. Azikuthandizani kutunga madzi."

"Madzi ake atunge ndi magalasi?" ndinatero. Onse anafa nako kuseka, nanenso ndinaseka, koma kufika kunyumba ndinakankha mphika ndi phazi mpaka kusweka.

Ndinawafunsa amuna anga, osati kamodzi. "Kodi mumakamba chiyani kumene kuja?"

"Za nsomba."

"Nsomba zake ziti zoseketsa choncho? Ndiuzeniko nane ndiseke."

Iwo n'kukweza wailesi. Kwaya ya amayi a chipani inkayimba, ine ndili chiimire ndi mthiko m'manja.

Ndinasanduka mlonda. Bwato likanyamuka ndinkasiya chilichonse, kaya ndi zochapa kaya ndi ndiwo pamoto, n'kukaima pamatandala osaphethira. Ndipo chinkandipsetsa mtima kwambiri n'choti sindinkawagwira ndi kanthu. Iye ankakhala kutsogolo kwa bwato, iwo kumbuyo, pakati pali malo oti n'kugonekapo thumba la chimanga. Osakhudzana ngakhale chala. Ndinkati, ochenjera awa, akudziwa kuti ndikuwaona. Chikwama chake ndinkachipekesa akakhala kunyanja, inde ndinkatero, ndipo nditabadwanso ndingachitenso. Munkangokhala chipeso, chitenje ndi khadi la chipani. Mphunzitsi wa pakoleji wopanda ngakhale cholembera! Komanso akabwerako ankakhala yekha kuseri kwa nyumba, maso atatsinzina, milomo ikuyenda ngati mmene amachitira apongozi a alamu anga akamawerenga mikanda yawo yopempherera. Ine ndinati, ameneyu ali ndi mankhwala, akuwakhwimitsa. Ndinayamba kumuthirira mchere wambiri m'ndiwo. Ankadya osadandaula, n'kuthokoza atagwada, ndipo zimenezo zinkandiwonjezera moto.

Mwezi wina, bwato lili pakati, ndinamva njinga yamoto ikuima kumtunda. Kunatsika apampando a chipani a m'dera lathu, limodzi ndi bambo wina wochokera ku boma, wovala bwino, nsapato zonyezimira. Padoko munthu wa nsapato zopolisha sabwera kudzagula nsomba. Amayi onse anawerama n'kuyamba kutembenuza usipa umene anali atautembenuza kale. Wansapato anabwera kudzaima pambali panga, nayenso n'kuika dzanja pamphumi.

"Mayi, aja ndi amuna anu?"

"Ndinkayesa choncho."

"Nanga mlendo uja amachokera ku koleji, eti? Mwezi ndi mwezi. Kodi amakambirana chiyani?"

Bambo ameneyo anaponda pachilonda. Ndinaiwala kuti ndikuyankhula ndi ndani. "Mukufunsa ine? Ine? Pitani mukawafunse eni ake, mukamva mudzandiuzeko! Ndinasiya ntchito yanga, ndinasiya kwathu, ndabwera kuno kudzadya mchenga, munthu ndamulera ngati khanda, lero mano akukaonetsa kwa kamtsikana kopanda ndi matako omwe! Kunyumba ali ngati chitsa. Taonani uko! Taonani mmene akusekeramo!" Ndinalira pamaso pa doko lonse, mamina ndi misozi, chitenje chikumasuka.

Wansapato anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Pepani mayi. Nkhani za m'banja zili ndi eni ake. Ankhoswe mulibe?" Apampando nawo anati, "Muwaitane ndithu. Tsiku lakelo mutiuze, nafenso tidzamve nawo, poti mtendere wa m'mudzi ndi ntchito yathu." Ine ndinawathokoza. Ndinaona ngati ndapeza anthu ondimvetsa.

Ndinatumiza uthenga ku Ntcheu, ndipo malume anga, amene anali nkhoswe yanga, anafika mwezi wotsatira, tsiku lomwe wamagalasi anafikanso. Bwalo linakhala m'mawa pansi pa mango paja. Mbali ya amuna anga kunali achimwene awo ndi alamu anga, mbali yanga malume, ndipo anthu a m'mudzi anadzaza mpaka kumpanda. Apampando ndi wansapato anawapatsa mipando cha pambali. Ine ndinafotokoza zonse, osasiya kanthu, ngakhale za milomo yoyenda ija.

Malume anali munthu wofatsa, wosathamangira kugamula. Anatembenukira kwa amuna anga. "Akamwini, mwamva dandaulo la mwana wathu. Ife sitinaone kanthu, ndipo munthu sitimumangira mphekesera. Ngati si chibwenzi, nkhani ndi yosavuta. Tiuzeni zimene mumakamba panyanja paja, tonse timve, ife tinyamuke."

Wansapato anasendeza mpando wake kutsogolo pang'ono. Amuna anga anayang'ana pansi, n'kumakanda mchenga ndi chala cha kuphazi. Mukuona ngati ndinkafuna kuti avomere? Ayi. Ndinkafuna akane, alumbire, akwiye, chala chija chikwere, andilalatire pamaso pa anthu kuti ndine chitsiru. Ndikadavina.

Anadzutsa mutu, n'kundiyang'ana ine, osati malume. "Ndinalakwa," anatero. "Ndi chibwenzi."

Malume anafunsa wamagalasi ngati zinali zoona. Iye anavula magalasi aja, n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuwavalanso. "Ndi zoona," anatero.

Chigamulo sichinachedwe. Amuna anga apereke mbuzi yopepesera, ndipo mtsikanayo asadzapondenso pamudzipo. Amayi ena analuluta. Wansapato anaimirira akuseka, n'kumapukusa mutu. "Ophunzira inu! Ife kumavutika ndi mafuta a njinga, kuyesa pali nkhani." Anagwirana chanza ndi malume n'kunyamuka, ndipo sindinamuonenso. Wamagalasi anatenga kachikwama kake n'kuyamba kuyenda wapansi kulowera kumsewu, anyamata akumuimbira mluzu. Ndinamva pambuyo pake kuti mbiriyo inamutsatira mpaka ku Zomba, ndipo mnyamata amene ankafuna kumukwatira anabweza mawu.

Ndinawina mlandu. Alamu anga anandiuza kuti ndimwetulire, poti akazi ambiri amalira opanda ndi mbuzi yomwe. Mbuziyo inamangidwa kuseri kwa nyumba, yoyera ya mawanga akuda, ndipo inkalira kuyambira m'mawa. M'nyumba monse ndi yokhayo inkayankhula. Amuna anga anabwerera ku maukonde awo, ine kukhitchini, chakudya ndinkangowaikira osawayang'ana. Mwezi unatha, Loweruka lija linafika, ndipo ndinawaona ataima pakhomo akuyang'ana kumsewu, kenako n'kukakhala pansi. Nsanje imene ndinkayesa kuti mbuzi ithetsa inali pomwepo, yakhuta.

M'mawa wina ndinadzuka nyanja ili phee ngati tsiku loyamba lija. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani. Ndinakwera pampando, kutsitsa nkhafi patsindwi, n'kukaiponya pamapazi pawo.

"Kumene munkapita naye, mupite nane."

"Mayi, inu paja..."

"Ndikudziwa zimene ndimaopa. Nyamukani."

Amayi a pamatandala anasiya ntchito kuti aonerere. Ndinalowa m'bwato chokwawa, n'kukhala pansi penipeni, m'timadzi tonunkha nsomba, manja onse atagwira m'mbali. Bwato la mtengo umodzi limagwedera ngakhale utangotsokomola. Ndinatsinzina, ndikutchula Yesu ndi amayi anga mosinthanasinthana. Nditatsegula maso, anthu a padoko anali ngati nyerere, ndipo amuna anga anali ataika nkhafi pansi.

"Sindinamugwirepo ngakhale dzanja," anatero.

"Nanga munkadzatani kuno?" ndinatero.

Ndiye anandiuza, pang'onopang'ono. Mtsikana uja atapatsidwa makalasi awo, anapatsidwanso malire a zoti aziphunzitsa, mbiri yodulidwa mutu ndi miyendo. Ophunzira a chaka chomaliza ankadziwa kuti akudya theka. Ndiye iye ankabwera kudzatenga theka linalo. Pepala silikadadutsa, poti pamsewu apolisi ankapekesa zikwama, choncho ankanyamula ndi mutu. Milomo yoyenda ija, ankabwereza zimene wamva kuti asaiwale. Akafika ku Zomba ankauza ophunzira ochepa amene ankawakhulupirira, awiriawiri, akuyenda mozungulira bwalo la mpira ngati akungowongola miyendo. Mwezi wotsatira ankabwera ndi mafunso awo. Kumtunda kulikonse kunali makutu, m'nyumba, kutchalitchi, pansi pa mango. Malo okhawo m'dziko lonse amene mphunzitsi akadaphunzitsa anali pamene tinalipo, pamwamba pa madzi akuya.

"Malume anu atandifunsa," anatero, "ndinali ndi mayankho awiri. Lina linali la mbuzi. Linalo likadatenga ine, iye, ndi ana onse aja."

"Nanga ine? Bwanji osandiuza ine? Si ine ndinkatayipa zonse zija? Ndinakuperekanipo liti?"

"Simukadatipereka ndi pakamwa, mayi. Ikadatipereka ndi nkhope yanu. Inu simutha kunama, mukabisa kanthu ngakhale mwana amaona. Munthu wa nsapato uja anabwera atadziwa kale theka la nkhani. Chimene chinamubweza ndi misozi yanu, poti inali yeniyeni."

Ndikadakhala ndi dzanja lopuma ndikadawaphwanya ndi nkhafi yomweyo. Koma manja onse anali kalikiliki kugwira bwato. "Ndiye munandiimika padoko paja ngati choopsezera mbalame m'munda wa mpunga! Ine kuwonda, kusekedwa ndi mudzi wonse, inu mukuti ntchito ikuyenda bwino!"

"Ndinkakuonani mutaima paja," anatero. "Mwezi uliwonse ndinkakuonani."

Sanapepese kuposa pamenepo, ndipo nanenso sindinanene kuti pepani. Ndipepese chiyani? Mkazi aliyense wamaso akadachita zimene ndinachita. Timafunde tinkamenya bwato. Kenako ndinaganiza kuti, chabwino, mtsikana wapita, kalasi yafa, koma mwini mawu ndi uyu ali apayu, ndipo ine ndawoloka mantha anga kuti ndimupeze. Chimene ndinkafuna chiyambire chinali chimodzi.

"Ndiphunzitseni ine tsono," ndinatero. "Yambirani pamene munalekezera ndi iye."

Anandiyang'ana ngati akufuna kukana. Kenako anakonza kukhosi. Anayamba mozengereza, mawu akutuluka ngati madzi a pampopi wouma. Ananena za anthu a m'mbali mwa nyanja yomweyi amene anakana msonkho wa atsamunda, za misonkhano imene inkachitikira m'misika ndi m'mizikiti, za aphunzitsi a m'midzi amene ankayenda panjinga kufalitsa uthenga mwini chipani asanabwere n'komwe. Anatchula maina aja, limodzilimodzi, mokweza, dzuwa likuswa mtengo. Pang'ono ndi pang'ono msana wawo unawongoka, manja anayamba kuyenda, ndipo chala chija chinakwera. Amayi inu! Ndinaiwala kuti pansi panga pali madzi. Ndinapezeka kuti dzanja limodzi ndasiya bwato, ndagwira pachifuwa. Ndinati m'mtima, abwerera, amuna anga abwerera, ndipo abwerera kwa ine.

Anafika pena n'kuima, chala chili m'mwamba, akundiyang'ana, akudikira. Ndinadziwa kuti ndi nthawi yanga. Ndinayankha monga ndinkayankhira patebulo lathu ku Zomba, ndi mtima wanga wonse.

"N'zoona, bambo."

Chala chinatsika pang'onopang'ono. Anamwetulira, maso ali kutsogolo kwa bwato kumene kunalibe munthu, n'kunena motsitsa, osati kwa ine, "Apatu iye akadanditsutsa."

Sanadziwe n'komwe kuti anena chiyani. Anafuna kupitiriza. Ine ndinabweza dzanja langa m'mbali mwa bwato.

"Palasani tizipita," ndinatero. "Ndasiya nyemba pamoto."

Mbuzi ija tinaipha pa Khirisimasi, ndipo alamu anga anaitanitsa shehe kuti adzaizinge, kuti abale onse adye nawo. Inali yonona. Anthu anandiyamikira kuti ndine mkazi wamtima, wodziwa kukhululuka, ndipo ine ndinkangovomera, poti choonadi sichikadanenedwa kumtunda. Chibwenzi chimene kunalibe ndinachikhululukira pamaso pa mudzi wonse. Tinakhala m'banja mpaka imfa inatilekanitsa, anali munthu wabwino, sanandimenyepo, sanayang'anepo mkazi wina. Koma mpaka lero, ndi imvi zangazi, ndikaona mtsikana wowonda wamagalasi nsanje ija imadzuka. Akadangogona naye, bwenzi nditaiwala kalekale.